Mwana wodziwa sol-fa yokha angalowe kalasi ya AP Music Theory?

Mayi ena a kwathu omwe akukhala ku Indiana, m'dziko la America, anditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndi bwino ndiyankhire pano. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 16 anachoka ku Malawi zaka ziwiri zapitazo, pano ali ku sekondale kumeneko, ndipo akufuna kulembetsa kalasi ya AP Music Theory, yophunzitsa kalembedwe ndi kamangidwe ka nyimbo, chaka chamawa. Kumudzi ankaimba alto mukwaya ya kumpingo ndipo sol-fa amawerenga bwino, koma piyano sanaigwirepo, manoti a pa mizere isanu aja sawadziwanso. Mlangizi wa ana pasukulupo wawauza kuti ambiri olowa kalasiyi anayamba piyano ali aang'ono. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndimulole, kapena angokawononga magiredi ake?"

Mayi, zikomo polemba. Muloleni mwanayo. Koma asakalowe m'kalasimo asanadziwe kuwerenga manoti a pa mizere, ndipo tchuthi chachitali cha Juni mpaka Ogasiti chikhoza kumukwanira akachigwiritsa ntchito bwino. Mlangiziyo sananame, kungoti wayang'ana zomwe mwana wanu alibe, osafunsa zomwe ali nazo.

Maphunziro a AP amayendetsedwa ndi bungwe la College Board, ndipo amakhala a msinkhu wa chaka choyamba cha ku koleji. Mayeso amalembedwa mu Meyi, magiredi ake ndi 1 mpaka 5. Pa Music Theory pali mafunso 75 osankha yankho, omwe amatenga 45 peresenti ya malikisi, mafunso 7 olemba omwe amatenganso 45 peresenti, kenako tinyimbo tiwiri toimba pakamwa totenga 10 peresenti yotsalayo. Tsono onani mmene khutu likulamulira mayesowa. Gawo lina la mafunso osankha aja mwana amayankha atamvetsera nyimbo. Mwa mafunso 7 olemba, 4 ndi dictation: amamuimbira kanyimbo katatu kapena kanayi, iye alembe manoti ake. Pa kuimba kuja amamupatsa kanyimbo komwe sanakaonepo, masekondi 75 oyeserera, masekondi 30 oimba, mawu ake akujambulidwa.

Apa ndi pomwe ana ambiri a piyano amagwira njakata. Mwana akhoza kuimba piyano zaka zisanu ndi zitatu, kudziwa kuti noti iyi ndi F ndipo chala chake chipite apa, koma osaimva notiyo m'mutu asanaidinize. Mwana wanu akaona d m s papepala amaimva kale asanatsegule pakamwa. Luso limeneli silibwera m'temu imodzi, limabwera ndi zaka za mapulakatisi a kwaya, ndipo aphunzitsi a kalasiyi amavutika nalo chaka chonse kuti alidzale mwa ana omwe alibe.

Sol-fa si njira ya anthu osaphunzira monga ena amaganizira. Mayina a manotiwa anayamba ndi Guido wa ku Arezzo, ku Italy, m'zaka za m'ma 1000. Njira yomwe timaimbira kwathu inakonzedwa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndi Sarah Glover wa ku Norwich, kenako mbusa John Curwen anaikulitsa n'kuifalitsa, ndipo kwathu inafika ndi amishoni. Nzeru yake ndi yakuti d amasuntha: kaya nyimbo ili mu kiyi ya C kapena ya E flat, d ndiye kwawo kwa nyimboyo, s amakoka kubwerera kwa d, t amafuna kukwera. Theory yonse ya m'kalasi ya AP yamangidwa pa ganizo lomweli, kuti noti imadziwika ndi ntchito yake mu kiyi. Pa mayeso oimba aja mwana amaloledwa kugwiritsa ntchito sol-fa, manambala, kapena kungoti "la la".

Chomwe alibe ndi kalembedwe. Achite chonchi. Apeze buku la nyimbo za kutchalitchi lolembedwa pa mizere, asankhe nyimbo zomwe amazidziwa kale pamtima, azilemba sol-fa pansi pa noti iliyonse, mawu onse anayi. Akazolowera atembenuze: atenge nyimbo ya sol-fa aikweze pa mizere. Kupeza d si kovuta. Kumayambiriro kwa mzere kukakhala ma sharp (zizindikiro zokweza noti), womaliza kumanja ndi t. Kukakhala ma flat (zizindikiro zotsitsa noti), womaliza ndi f. Pakakhala popanda kanthu, d ndi C. Asanyalanyaze bass clef, mizere yolembapo mawu apansi, poti iye ndi wa alto, chifukwa mafunso ena a dictation ndi kanyimbo kamodzi koimba zimabwera mmenemo. Pa nthawi ya manoti pali kusintha kwa maganizo: sol-fa imaonetsa kugunda kulikonse ndi timadontho ndi timizere, pomwe pa mizere isanu kutalika kwa noti kuli m'maonekedwe a notiyo. Ayesetse kwambiri kagundidwe ka nyimbo kotchedwa 6/8, kamabwera pa mayeso ndipo kamasokoneza ambiri. Masamba a pa intaneti a musictheory.net ndi teoria.com ali ndi zoyeserera zaulere, ndipo pulogalamu ya MuseScore, yaulerenso, idzamuimbira zomwe walemba kuti amve ngati walakwitsa.

Mugulireni kakiyibodi kotchipa ka makiyi 61, ngakhale kakale. Sakufunika kukhala katswiri woimba. Chofunika n'chakuti aone ndi maso kuti pakati pa m ndi f palibe kiyi ina, pomwe pakati pa f ndi s ilipo, ndiponso athe kudiniza manoti atatu pamodzi.

Pali misampha iwiri yomwe ndikufuna aidziwiretu. Woyamba ndi wa mayina. Noti yomwe ife timaitcha te, ku America amati ti, ndipo akati te amatanthauza yotsitsidwa, ija ife timati ta. Akati me amatanthauza m wotsitsidwa. M weniweni amati mi. Fe wathu ndi fi wawo. Mwana wosachenjezedwa akhoza kuimba molondola m'mutu mwake koma n'kumaoneka ngati wolakwa kwa mphunzitsi. Wachiwiri ndi wa nyimbo za minor, zija nthawi zambiri zimamveka ngati zachisoni. Kwathu nyimbo yotere imakhazikika pa l. Aphunzitsi ambiri kumeneko amaikhazika pa d, n'kutsitsa manoti atatu, chifukwa akufuna nambala ya chord (manoti angapo oimbidwa pamodzi) igwirizane ndi dzina la noti. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, koma kuzisakaniza pakati pa dictation ndi tsoka.

Tsopano ndifike pa mtima wa kalasiyi, kulemba mawu anayi: soprano, alto, tenor ndi besi. Ma chord amalembedwa ndi manambala achiroma. I ndi d m s, IV ndi f l d, V ndi s t r. "Ameni" wa kumapeto kwa nyimbo ya kutchalitchi ndi IV kupita ku I, ndipo m'kalasi adzamuuza kuti dzina lake ndi plagal cadence. Malo aja pakati pa nyimbo pomwe alto kapena tenor amaimba fe kenako kwaya yonse n'kupumira pa s, adzawatcha secondary dominant, mutu womwe umabwera chakumapeto kwa silabasi ngati chinthu chovuta. Mwana wanu wauimba kambirimbiri Lamulungu m'mawa. Ndiponso kukhala wa alto ndi mwayi. Oimba alto amadandaula kuti amangobwereza noti imodzi pomwe soprano akukwera ndi kutsika. Kubwerezako ndi lamulo lenileni lomwe adzaphunzire: mawu apakati asunthe pang'ono mmene kungathekere, noti ikapezeka m'ma chord onse awiri ikhale pomwepo. Chachilendo kwa iye chidzakhala figured bass, timanambala ta pansi pa besi touza woimba manoti oti aike pamwamba. Zimenezi n'zoloweza, sabata zingapo zimakwana.

Malamulo amenewa anatengedwa ku nyimbo za ku Ulaya za m'zaka za m'ma 1700, makamaka nyimbo za mpingo zomwe Johann Sebastian Bach, amene anakhala kuyambira 1685 mpaka 1750, anaziika m'mawu anayi. Ndipo apa pali chinthu chomwe chimandikhudza kwambiri, Mayi. Cholakwa chachikulu m'kalasi imeneyi ndi parallel fifths: besi ali pa d, tenor pa s, kenako onse n'kukwera limodzi, besi pa r, tenor pa l. Mphunzitsi adzazunguliza ndi cholembera chofiira. Chifukwa chake n'chomveka: mawu awiri otalikirana motero amalowana kwambiri, akayendera limodzi khutu limawamva ngati amodzi, pomwe Bach ankafuna mawu anayi, aliwonse ndi njira yake. Koma m'nyimbo zambiri za kwathu, za pamtondo, za pachinamwali, za pamaliro, mawu amakwera limodzi n'kutsika limodzi, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chilankhulo chathu chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe kake ka mawu, choncho onse oimba mawu amodzi amatsata njira imodzi kuti tanthauzo lisasokonekere. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria yemwe anatha zaka zambiri akufufuza nyimbo za ku Malawi, kuphatikizapo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, analemba zambiri zoonetsa kuti kugwirizana kwa mawu m'nyimbo za mu Africa kuli ndi dongosolo lakelake. Ndaonapo achinyamata akutuluka m'makalasi otere akuti agogo awo amaimba molakwika. Muuzeni mwana wanu asanayambe kuti akukaphunzira malamulo a mtundu umodzi wa nyimbo, wokoma ndi woyenera kuudziwa bwino, ndipo cholembera chofiira chija ulamuliro wake umathera pa pepala la mayeso.

Za magiredi ndikuuzeni mosabisa. Kalasiyi imafuna nthawi tsiku lililonse, pang'onopang'ono, chifukwa khutu silingaphunzitsidwe usiku umodzi mayeso atayandikira. Ngati chaka chomwecho akutenganso AP Chemistry ndi AP Calculus, ndi bwino adikire chaka china, pakadali pano alowe kwaya ya pasukulupo, komwe adzazolowere manoti a pa mizere popanda chiopsezo. Ngati mukuyembekezera kuti giredi ya 4 kapena 5 idzamuchotsera kosi ku yunivesite, fufuzani yunivesite iliyonse payokha, chifukwa ndondomeko zimasiyana, ndipo madipatimenti ambiri a nyimbo amapereka mayeso awoawo kwa ofika kumene. Ubwino wina ndi wakuti zotsatira zimabwera ndi magiredi awiri apadera, ya zomvetsera ndi ya zolemba, kotero mphamvu ya khutu lake idzaonekera payokha.

Musathere pa mlangizi uja. Pemphani kuonana ndi mphunzitsi weniweni wa kalasiyo sukulu isanatseke, mupite ndi mwanayo atanyamula buku lake la sol-fa. Mphunzitsiyo atsegule tsamba lililonse, mwana aimbe mzere wa tenor womwe sanauimbepo. Aphunzitsi ambiri kumeneko sanaonepo kalembedwe ka d :r |m :- ndipo sadziwa kuti mwana wotere amatha chiyani mpaka atamumva. Mukatero mufunse zinthu ziwiri: akufuna mwana akhale atadziwa chiyani pa tsiku loyamba, ndiponso minor amaiyambira pa l kapena pa d. Mafunso olemba a zaka zapitazo ali pa webusaiti ya College Board kwaulere, pamodzi ndi mawu ojambulidwa a dictation ndi kachongedwe kake. Kumayambiriro kwa Ogasiti ayese funso loyamba la dictation, alembe kaye mu sol-fa kenako akweze pa mizere. Akakhoza theka lake, ndiye kuti wakonzeka kulowa m'kalasimo.