Timabokosi ta crossword tikakana kudzaza: yankho kwa aphunzitsi a ku Zomba

Bambo ena a ku Zomba, amene anaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma ntchito, andilembera imelo. Akuti mwana wawo amene ali ku Leeds, ku England, anawatumizira buku la ma crossword (masewera odzaza mawu m'timabokosi poyankha mafunso) a m'nyuzipepala ya The Times, koma timabokosi tambiri tidakali toyera. Atasuzumira mayankho kumapeto kwa bukulo, anapezako mawu ngati etui ndi adit, oti sanawamvepo chibadwire. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi Chingerezi changa n'choperewera?"

Ayi bambo, sichoperewera. Buku limene muli nalolo ndi la mtundu wotchedwa cryptic, wa mafunso ophiphiritsa, ndipo ngakhale Mngerezi wobadwira ku London amagwira njakata ngati sanauzidwe malamulo ake.

Crossword imene Arthur Wynne anatulutsa m'nyuzipepala ya ku America ya New York World pa 21 December 1913 inali yolunjika: amakupatsani tanthauzo, inu n'kulemba liwu. Ku Britain ndi kumene inasanduka zophiphiritsa, makamaka m'manja mwa Edward Powys Mathers, amene ankalemba m'nyuzipepala ya The Observer kuyambira 1926 podzitcha Torquemada. The Times inalowamo mu 1930. Muziwaona mafunsowa monga zilape: wonena chilape sanama, koma amafuna maso anu ayang'ane kumene kulibe yankho.

Kawirikawiri funso limakhala ndi mbali ziwiri. Tanthauzo lenileni limakhala koyambirira kapena kumapeto, osati pakati. Mawu otsalawo ndi malangizo a mmene mungamangire yankho ndi malembo. Nambala ya kumapeto ikukuuzani kuchuluka kwa malembowo.

Taonani ili: "Quiet, listen anew (6)". Musaliwerenge ngati chiganizo, pakuti ndi pamene pagona msampha. Tanthauzo ndi quiet. Liwu loti anew likukuuzani kuti musanjenso malembo a listen, ndipo mukatero mupeza SILENT. Mukaona mawu ngati broken, mixed, drunk kapena wild, muzikayikira kuti pali malembo ofunika kuwasokoneza.

Lina: "Country in animal inspection (4)". Apa yankho analemba kale pamaso panu. Tengani malembo atatu otsiriza a animal ndi loyamba la inspection, mupeza MALI. Kaliwu koti in ndi kamene kakuulula kuti dzikolo labisala mkati.

Limene ine ndimalikonda kwambiri ndi "Flower of London (6)". Munthu amayamba kusakasaka maluwa, chonsecho flower apa ndi chinthu choyenda ngati madzi, kuchokera ku flow. Yankho ndi mtsinje wa THAMES. Mukachigwira kamodzi chimenechi simudzachiiwalanso.

Tsono za mawu achilendo aja. Etui ndi kachikwama kosungiramo singano, liwu lochokera ku Chifalansa. Adit ndi khomo lopingasa lolowera mumgodi. Mudzakumananso ndi erne, chiwombankhanga cha kunyanja, ndi oast, ng'anjo youmitsiramo mbewu ya hops imene amathira mu mowa. Sikuti Angerezi amawayankhula pamsika. Wopanga crossword amawafuna chifukwa ndi afupi ndipo ali ndi malembo a liwu ambiri, choncho amalumikizana mosavuta ndi mawu opingasa ndi otsika. N'chifukwa chake amabwerabwera omwewo. Sungani kabuku kolembamo lililonse latsopano. Ndiponso nthawi zina mwayi umagwera ife: nyala, tsetse ndi kwacha amatulukamo, ndipo pamene wa ku Leeds akukanda mutu, inu mumadziwa kale kuti nyala ili ku Lengwe.

Kutsegula dikishonale si kubera, ndipo ndimakana kwamtuwagalu anthu amene amanena zimenezo. Opanga mafunsowo nawonso amakhala ndi dikishonale ya Chambers patebulo. Ngakhale kuona mayankho n'kothandiza, bola musamangokopera. Tengani yankho, bwererani ku funso, mpaka muone ntchito ya liwu lililonse. Funso labwino silikhala ndi liwu longodzazira malo.

Buku la The Times lija liyambe ladikira. Pa intaneti, nyuzipepala ya The Guardian imaika ma crossword ake aulere, ndipo pali ina yotchedwa Quiptic imene anaipangira oyamba kumene. Yambirani pamenepo, ndi mafunso osanjanso malembo ndi obisa mawu, chifukwa ndiwo amagonja msanga ndipo amakupatsani malembo otsegulira enawo.