Musawonjezere ngakhale tambala katundu asanatsike

Mayi amene mwadandaula za sapulaya wosabweretsa katundu, mwandikanda pachilonda. Sapulaya wanuyo wadya dipoziti miyezi iwiri ndipo akuti lole yafera pa Namadzi? Ndalama yanu anaizunguliza kale kwina.

Ine zinandionekera mu 2023 ndikumanga zipinda za lendi za ana a ku yunivesite ku Chikanda, kuno ku Zomba. Mu Okutobala ndinalipira malata a geji 28 (geji ndi muyeso wa kukhuthala kwa lata) kwa bambo wina wa ku Limbe, ndalama yonse, poti tinkadziwana kumpingo. Anati sabata imodzi. Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, foni yawo nkuyamba kungoitana. Tsiku limene anayankha akuti ndiwonjezere, zinthu zakwera. Zakwera bwanji pomwe ndalama yanga inali m'thumba mwawo kwacha isanagwe?

Apo nkuti matabwa a denga atakhomedwa kale. Mvula ya kuno mukuidziwa ikatsika kuphiri. Milungu itatu ndinkaima m'nyumba yopanda denga, madzi m'akakolo, matabwa akupindika ndikuona, pulasitala ikugwa zibenthuzibenthu. Makolo a ana amene analipiriratu malo akundiimbira usana ndi usiku. Lole inafika kutada, anyamata akutsitsa mothamanga, ine nkusaina pepala ndi tochi ya foni. M'mawa mmisiri wanga ananyamula lata limodzi, kulikhotetsa ndi dzanja limodzi, nkungondiyang'ana osanena kanthu. Opyapyala ngati chikuto cha kope. Ndinakhala pamulu wa mchenga nkulira.

Bambo wa malata uja mpaka lero amandipatsa moni wa "mlongo mwa Ambuye". Anabwera dala usiku, ankadziwa zimene ananyamula. Mtima wanga sunaphwe.

Inuyo mulembereni kalata sapulaya wanuyo lero, muikemo tsiku lomaliza, mtundu wa katundu ndi kuti likapyola abweze ndalama yonse. Asaine pamaso pa mboni. Mameseji a WhatsApp ndi a Airtel Money musafufute. Boma likamagula zazikulu limafuna chikole cha kubanki chotsimikiza kuti ntchito igwirika, ndipo likaperekeratu ndalama limafunanso chikole china. Ife tingolekeranji? Gwirani gawo lina la ndalama mpaka mmisiri wanu atayeza katundu masana, dzuwa likuswa mtengo. Akakanika, kadandauleni ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kapena kukhoti la majisitireti konkuno ku Zomba.

Kunena zoona ine mapepala ndinali nawo onse, kotesheni ndi risiti yomwe, koma kukhoti sindinapite. Theka limene ndinabwezeredwa linabwera akulu ampingo atamukhazika pansi, ndiye ngati muli ndi munthu amene iye amamuopa, yambirani kumeneko. Ndipo simenti masiku ano ndimalipiratu yonse, chifukwa mtengo wa lero si wa mawa, kungoti ndimawerenga matumba ndekha akamakweza ndipo ndimakwera nawo lole yomweyo mpaka ku Chikanda.