Kodi tinene kuti "ufumu wa nyama"? Mafunso pa mawu ogawira zamoyo

Mphunzitsi wina wa sayansi ku Dedza wafunsa kuti: "Pofotokozera ana mmene akatswiri amagawira zamoyo, mawu a Chingerezi akuti kingdom ndimawamasulira kuti ufumu. Kodi ndikulondola ndikamati ufumu wa nyama, ufumu wa zomera?"

Aphunzitsi, mu mtanthauziramawu simunalakwe, koma khutu la woyankhula Chichewa limamva zina. Kwathu kuno ufumu ndi udindo: munthu amalowa ufumu, amalongedwa ufumu, achibale amalimbirana ufumu, ndipo pamene pali ufumu payenera kukhalanso mfumu. Mwana akamva za ufumu wa nyama, maganizo ake amathamangira ku nthano za agogo, kumene Mkango umaweruza milandu ndipo Kalulu amaupusitsa. Amene anatchukitsa mawuwa m'sayansi ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe mu 1735 anagawa chilengedwe patatu, nyama, zomera ndi miyala, ndipo chigawo chilichonse anachitcha regnum m'Chilatini, koma sankatanthauza kuti muli wolamulira. Ine ndimakonda kuti tizinena "magulu akuluakulu a zamoyo", chifukwa mawuwa amalola kuti chiwerengero chisinthe, monga chakhala chikusinthira. Ernst Haeckel anawonjezera gulu la tamoyo ting'onoting'ono mu 1866, ndipo mu 1969 Robert Whittaker anafika pa magulu asanu amene ana ambiri amaphunzira: mabakiteriya, maprotisiti (tamoyo ting'onoting'ono monga kamene kamayambitsa malungo), mafangasi (monga bowa), zomera ndi nyama.

Mayi wina wa ku Mchinji walemba modabwa: "Mwana wanga wauzidwa kusukulu kuti bowa si chomera. Nanga si tonse timati bowa wamera?"

Mayi, funso lanu ndalikonda kwambiri, chifukwa likuonetsa mmene mneni umodzi ungasocheretsere munthu. Timanenadi kuti bowa wamera, komatu timanenanso kuti mwana wamera mano, mnyamata wamera ndevu, mbuzi yamera nyanga, ndipo palibe amene amaika mano kapena ndevu m'gulu la chimanga. Kumera ndi kutuluka pamene panalibe kanthu n'kuyamba kukula, pomwe dzina lakuti chomera, monga likugwiritsidwira ntchito m'kalasi, lili ndi malire ochepa: ndi chamoyo chimene chimadzipangira chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya. Bowa sangathe kutero. Thupi lake lenileni ndi timaulusi tobisika m'nthaka kapena mu mtengo wowola, timene timasungunula zakudya kunja kenako n'kuziyamwa, ndipo chimene mumazula m'nyengo ya dzinja chili ngati chipatso chake chabe. N'chifukwa chake utale umapezeka pachulu, pamene chiswe chimausonkhanitsira zinyalala zoti udye.

Pamenepa ndimaona kuti makolo athu sanali kutali ndi zimene akatswiri anapeza pambuyo pake. Mayi wophika ndelema kapena manyame sanena kuti waphika masamba, ndipo ambiri amayerekeza kukoma kwa bowa ndi kwa nyama. Ofufuza nawonso anapeza kuti pa chibale, mafangasi ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Chovuta n'chakuti kwa anthu ambiri bowa ndi ndiwo, moti wosadyedwa ena amangoti chilombo, pamene gulu la sayansi likuphatikiza chuku chimene chimagwira chimanga ndi mtedza wosauma bwino, yisiti wofufumitsira buledi, ngakhalenso tamoyo toyambitsa chipere. Pachifukwa ichi, kunena kuti "gulu la bowa" kumachepetsa nkhani. Ndi bwino kunena "gulu la mafangasi, monga bowa, chuku ndi yisiti", mpaka mawu obwerekawa atazolowereka.

Wophunzira za unamwino wafunsa ngati mawu akuti tizilombo angakhale dzina la gulu limodzi mwa magulu asanuwa.

Sangakhale, ndipo pano pafunika kusamala kwenikweni, popeza nkhaniyi imakhudza matenda. Chilombo m'Chichewa ndi chamoyo choopsa kapena chowononga, kuyambira fisi mpaka nankafumbwe, kotero mawuwa amanena za mmene chinthucho chimatikhudzira ife anthu, osati za mmene thupi lake linapangidwira. Udzudzu ndi kachilombo, koma uli m'gulu la nyama. Kachilombo ka malungo kamene udzudzuwo umafalitsa kali m'gulu la maprotisiti, ka kolera ndi bakiteriya, pomwe ka HIV ndi vairasi, ndipo mavairasi sali m'gulu lililonse mwa asanu aja chifukwa alibe maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo. Wodwala amene wauzidwa kuti zonsezi ndi tizilombo basi angaganize kuti mankhwala opha mabakiteriya angachizenso chimfine, chimene chimayamba ndi vairasi. Tizilombo tikhalebe m'chiyankhulo, koma polemba za sayansi tizitchulanso mtundu wake.

Mphunzitsi wa ku Dedza uja anamaliza kalata yake ndi kudandaula kuti ana amakwiya akawauza kuti munthu ndi nyama. Anawo sakulakwa, Aphunzitsi, chifukwa kunena munthu kuti ndi nyama ndi chipongwe, ndipo ngakhale nsomba, mbalame ndi njoka sitizitcha nyama pa kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku. Muyambe ndi kuwauza kuti m'phunziroli mawu akuti nyama mwawakulitsa kuti akwane zamoyo za maselo ambiri zimene zimameza chakudya m'malo modzipangira, kenako munene kuti munthu ali m'gulu limodzi ndi nyama. Chiganizo chimenechi n'choona kwa katswiri, ndipo mwana angathe kuchibwereza kunyumba pamaso pa agogo ake.