Zipolopolo zodzaza munthu wina musaziike m'mfuti yanu

Achimwene, zipolopolo za 9mm zimene mnzanu wa ku kalabu yowombera mfuti akufuna kukudzazirani yekha kunyumba pamtengo wotsika zisiyeni, ndipo ndikulankhula monga munthu amene anatsala pang'ono kusiya zala pabwalo la mpikisano kuno ku Johannesburg. M'chaka cha 2021, nthawi imene ma primer (tizitsulo ta kumbuyo kwa chigoba timene timayatsa onga) ankasowa m'masitolo, mkulu wina wa pakalabu pathu, bambo wa imvi zake amene tonse tinkamupatsa ulemu, anandigulitsa chibokosi cha ayisikirimu chodzaza ndi zipolopolo, nanena kuti anazidzaza yekha ndipo sizisiyana ndi za kufakitale. Sindinafunse mtundu wa onga umene anagwiritsa ntchito, sindinazidutsitse pa chronograph, makina oyeza liwiro la chipolopolo, ndinangokhulupirira imvizo.

Loweruka lake tinali ndi mpikisano wa IPSC, bungwe la padziko lonse la masewera owombera mfuti mwachangu. Chizindikiro choyambira chitalira ndinawombera bwinobwino mpaka pa chandamale chachinayi, pomwe mfuti inangoti phu, kaphokoso kofooka ngati munthu watsegula botolo, ndipo m'manja simunamveke kugunda kulikonse. Chifukwa choti maganizo anga onse anali pa nthawi, manja anachita zimene anazolowera: ndinamenya magazini pansi, ndinakoka slide (mbali ya pamwamba ya mfuti imene imabwerera m'mbuyo), chigoba chakuda ndi mwaye chinagwa pansi, ndipo ndinalozanso mfuti chala chili kale panjira. Slide sinatseke yonse, inatsala pang'ono zedi, ndipo ine mopusa ndinayamba kuikankha ndi chikhatho kuti itseke. Woyang'anira bwalo anakuwa kumbuyo kwanga ndi mawu amene mpaka lero ndimawamva ndikagona. Tinachotsa zipolopolo zonse, tinapita pamalo oonera mfuti, ndipo titasuzumira mumpope simunaoneke kuwala ngakhale pang'ono. Mutu wa chipolopolo unali utakakamira momwemo pafupi ndi polowera, ndipo tinachita kuugogoda ndi kandodo ka mkuwa kuti utuluke. M'chigoba chija munalibe onga, primer yokha ndiyo inakankha mutuwo n'kuusiya pamenepo. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti unaima pafupi kwambiri moti chipolopolo chachiwiri chinalephera kulowa. Ukanapita patsogolo pang'ono, ndikanawombera pamwamba pake ndi mphamvu imene pa 9mm imafika 35,000 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya) malinga ndi muyezo wa SAAMI, bungwe la ku America loika miyezo ya zipolopolo, ndipo mpope ukanatupa kapena kuphulika m'manja mwanga. Ndinakhala pabenchi miyendo ikunjenjemera, ndikulephera ngakhale kutsegula botolo la madzi.

Kunyumba ndinamasula zotsalazo chimodzichimodzi n'kumathira onga pasikelo. China chinalinso chopanda kanthu, zina zinali ndi onga wochepa, zina wochuluka moonekeratu, zigoba zinali zosakanikirana za makampani osiyanasiyana, ndipo mitu ina inkalowa mkati ndikangoikanikiza patebulo ndi chala. Chomalizachi n'choopsa kuposa momwe ambiri amaganizira, pakuti chigoba cha 9mm n'chaching'ono, ndipo mutu ukalowa mkati pang'ono pokha malo a onga amachepa, mphamvu n'kukwera kwambiri.

Chimene chimandipweteka mpaka pano si ndalama ayi, koma yankho lake. Nditamuonetsa mutu uja pachikhatho anaseka, nati mfuti yanga ndiyo yauve, ndiponso kuti iye wadzaza zipolopolo zaka zambiri ine ndisanabwere n'komwe m'dziko lino. Pambuyo pake ndinamva kwa anzathu kuti amapukusa makina ake m'galaja uku akuonera ragibi, botolo lili pambali, osayang'ana m'chigoba ngakhale kamodzi. Munthu wamkulu ndithu, wodziwa bwino lomwe kuti gawo 93 la lamulo la mfuti la ku South Africa la m'chaka cha 2000 limalola mwini chiphaso kudzaza zipolopolo za mfuti yake yokha, osati zogulitsa, koma pepani sanamutchule, ndipo Loweruka lotsatira anali pomwepo akulangiza achinyamata.

Komabe musamve ngati ndikunyoza zodzaza panyumba, chifukwa ineyo lero ndimawombera zodzaza ndekha, ndipo pa chronograph liwiro lake limayandikana kuposa zotchipa zambiri za m'sitolo. Kufanana kwa zipolopolo kumachokera pa zinthu zotopetsa. Onga amayezedwa mu grain, ndipo grain imodzi ndi pafupifupi magalamu 0.065, choncho pa onga wopsa msanga wa mfuti za m'manja kusiyana kumene diso silingaone kumasintha liwiro. Tsatirani buku la amene anapanga ongawo. Ngati ndi onga wa MP200 wa kampani ya Somchem, gwiritsani ntchito miyezo ya Somchem, kuyambira pamlingo wotsika, osati nambala imene wina walemba m'gulu la pa intaneti, ngakhale ineyo. Sankhani zigoba za mtundu umodzi, yezani utali wa chipolopolo ndi caliper (chipangizo choyezera utali) podziwa kuti pa 9mm 29.69 mm ndiwo malire koma mpope wanu ungafune chachifupi, ndipo chilichonse chiyeseni mu gauge (kachitsulo koyesera ngati chipolopolo chikukwana) musanachiike m'bokosi. Ikani nyali pamakina kuti muzionamo m'chigoba chilichonse musanaike mutu, ndipo foni ikalira, malizani kapena bwezani zonse zimene zili pamakinapo.

Pa za mpikisano, IPSC imafuna power factor ya 125, kutanthauza kulemera kwa mutu mu grain kuchulukitsa ndi liwiro m'mapazi pa sekondi, n'kugawa ndi 1,000. Mutu wa 124 grain uyenera kupitirira mapazi 1,008 pa sekondi, ndipo amene amadzaza zongokwanira malirewo pofuna kuti mfuti isamagunde m'manja amalira tsiku lozizira kapena akakumana ndi chronograph ina, chifukwa akalephera pamenepo mapointi a mpikisano wonse sawerengedwa. Siyani mpata wokwanira pamwamba pa 125. Ena amataya tulo pofuna kuchepetsa standard deviation, kutanthauza kusiyana kwa liwiro pakati pa zipolopolo, koma pamtunda wa mamita 15 kapena 25 ndi mfuti ya m'manja, dzanja lanu limalakwitsa kwambiri kuposa zimenezo.

Ndiye musayambe nokha ndi mavidiyo a pa YouTube. Pezani munthu wachikulire wa pakalabu amene wadzaza kwa zaka zambiri, mukhale naye pabenchi lake madzulo angapo, muone manja ake, ndipo mumvere zimene akukuuzani. Ine amene anandiphunzitsa anali wa msinkhu womwewo ndi mkulu uja, ndipo zoyamba zimene ndinayerekeza nazo zanga pa chronograph zinali zake, ngakhale kuti ndinamupempha kuti aziwombere yekha ndi mfuti yake, ine nditaima kumbuyo ndi cholembera.