Mafunso a Owerenga: Ndapatsidwa Masamu ndi Sayansi, Ndiyambire Pati?

Funso: Ndine mphunzitsi wa m'boma la Tsangano, ku Mozambique. Ndinaphunzira ntchito yophunzitsa ana a pulayimale, koma chisamutsireni kalasi 7 ku sekondale mu 2023, ndakhala ndikuphunzitsa masamu ndi sayansi ya zamoyo. Pali mitu ina imene ine mwini sindiimvetsa bwino, ndipo sindingasiye ntchito kuti ndibwerere kusukulu. Kodi ndingakulitse bwanji luso langa?

Yankho: Aphunzitsi, zimene zakugweranizi zinachokera ku lamulo la maphunziro la 18/2018, limene linachepetsa zaka za pulayimale kufika pa 6 ndi kuika makalasi 7, 8 ndi 9 m'gawo loyamba la sekondale, choncho si inu nokha amene mwasenzetsedwa mitu yomwe simunaikonzekere.

Njira imene ambiri amayamba kuiganizira ndi ya digiri. Universidade Púnguè, imene inakhazikitsidwa mu 2019, ili ndi nthambi mumzinda wa Tete, ndipo Universidade Católica de Moçambique imaphunzitsa anthu ali kwawo. Digiriyo ingakukwezeni kufika pa N1, mulingo wa aphunzitsi okhala ndi digiri, koma imatenga zaka zinayi, pamene ana anu akukudikirani Lolemba likubwerali.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muyambire pa ZIP yanu, gulu lija la masukulu oyandikana. Kunena zoona, misonkhano yambiri ya ZIP imathera pogawa mitu m'masabata ndi kusaina mapepala, ndipo aphunzitsi amabwerera kwawo osakhudza n'komwe chimene chikuwasautsa m'kalasi. Inu mukapemphe kuti pamsonkhano uliwonse musankhe mutu umodzi wovuta, mukonzere limodzi phunziro lake, mmodzi wa inu akaliphunzitse kwa ana, anzake atakhala kumbuyo, kenako mukambirane pamene ana anasochera, osati pamene mphunzitsi analakwitsa. Tengani chitsanzo cha manambala ochepera ziro: mwana amene amasokonezeka ndi -50 pa bolodi amamvetsa msanga mukamufunsa za mayi amene ali ndi ngongole ya mametikali 50 pagolosale ndipo wabweza 20. Koma fanizo la ngongoleli limakanika kufotokoza chifukwa chake -3 kuchulukitsa ndi -2 ndi 6, ndipo apa m'pamene mnzanu wodziwa masamu angakuonetseni mndandanda wa -3 kuchulukitsa ndi 2, ndi 1, ndi 0, momwe yankho limakwera ndi 3 nthawi iliyonse mpaka kudutsa ziro.

Pa sayansi, musadikire labotale. Kwanuko mbatata ya kachewere ndi yosasowa: dulani tizidutswa tiwiri, kena muviike m'madzi amchere wambiri, kena m'madzi wamba, ndipo pakatha ola limodzi koyambako kadzakhala kofewa chifukwa madzi atuluka m'maselo ake, pamene kachiwiri kadzakhala kolimba. Imeneyo ndiyo osmose ya m'buku. Muyeseni nokha kunyumba musanaimirire pamaso pa ana, ndipo muwalole afotokoze m'Chinyanja zimene aona, kenako muwapatse mawu ake a Chipwitikizi, popeza mayeso adzalemba m'chinenero chimenecho.

Za digiri zija musazitaye. Musanalipire kalikonse, kafunseni ku ofesi ya zamaphunziro ya boma lanu, ya SDEJT, za chilolezo chophunzira muli pantchito, ndipo musankhe kosi ya phunziro limene mukuphunzitsa panopa.