Yankho kwa azakhali pa za kolokwini

Zikomo azakhali, mwaswera bwanji ku Domweko? Uthenga wanu ndaumva. Ndati ndiyankhe pagulu pomwe pano kuti amalume nawonso amve, poti ndi iwo anatumiza kanema uja wa za kolokwini ndi korona. Mwafunsa ngati mungawagulire agogo kolokwini kumsika wa Lizulu, chifukwa akutsokomola, thupi latentha, ndipo anthu akuti ndiye mankhwala a korona. Ayi azakhali, chonde musagule.

Nkhani imeneyi inayambira ku France. Mu Marichi 2020 dokotala wina wa ku Marseille, Didier Raoult, anapatsa odwala hydroxychloroquine, amene ndi m'bale wake wa kolokwini wathu uja, n'kulengeza kuti kachilombo kakutha msanga m'thupi. Komatu anthu ake anali ochepa, osafika n'komwe 50. Ndiye tamverani izi: mwa amene anamwawo, wina anamwalira, ena matenda anakula mpaka kukagonekedwa kwa odwala kayakaya, ndipo onsewo sanawawerengere. Mukachotsa amene zawavuta, otsalawo aoneka ochira basi!

Trump wa ku America atamva anayamba kuwatamanda mankhwalawo. Bolsonaro, amene anali pulezidenti wa Brazil, chimodzimodzi, ndipo mukudziwa kuti za ku Brazil sizichedwa kutifika kuno ku Mozambique poti n'zachipwitikizi. Anthu anagula mpaka m'mafamasi munatha, odwala nyamakazi amene amadalira mankhwalawo n'kumasowa. Ku Lagos ena anathamangira nawo kuchipatala atamwa mopyola muyezo.

Madokotala anatsutsana kwambiri, ena akuti anthu akufa tisadikire, ena akuti tiyeze kaye. Ku Britain anayezadi bwinobwino. Odwala oposa 1,500 anawapatsa, oposa 3,000 sanawapatse. Patatha masiku 28, mwa opatsidwa anamwalira pafupifupi 27 pa 100 alionse, mwa osapatsidwa 25. Palibe chimene anathandiza. Mu Juni 2020 America inachotsa chilolezo chopatsa odwala korona mankhwalawa chimene inapereka mofulumira, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nawonso anasiya kuuyesa pa odwala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mtima wa agogo. Kolokwini amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo ukangopyoza pang'ono akhoza kupha. Munthu wachikulire, wa BP, amene akumwa kale mapilisi tsiku ndi tsiku, eee, ayi ndithu. Mukukumbukira mmene ankatiyabwitsira tili ana? Usiku wonse kudzikanda ndi chitsononkho, osagona, kuwawa kwake kosachoka pakhosi. Ndipo a pamsikawo amawathira m'kapepala kopanda dzina, akhala padzuwa kuyambira liti sadziwa ndi wogulitsa yemwe.

Mwina muti nanga akakhala malungo? Ku Malawi anausiya mu 1993 chifukwa tizilombo ta malungo tinali titauzolowera, ndipo kwathu kuno chipatala chimapereka Coartem, yemwe kutsidyako amati LA. Nayenso musawapatse mongoganizira, ayezedwe kaye magazi pachala, sizitenga nthawi.

Ndiye mawa m'mamawa apite kuchipatala, avale masiki, inunso muvale. Tengani mapilisi awo a BP adokotala akawaone. Usiku uno azimwa madzi, paracetamol ngati thupi latentha, agone kwaokha zenera lili lotsegula pang'ono. Koma akayamba kupuma mobanika kapena kulankhula zosokonekera, musadikire kuche, mundiimbire nthawi iliyonse. Ya njinga yamoto ndikutumizirani pa M-Pesa ndikangotsitsa foniyi. Amalume, kanema ujanso musamutumize kwina, chonde.