Achemwali a ku Area 49, musathamangire kugula pistol

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Area 49. Akuti anaona pa Facebook kanema wa Yusuf Dikeç, bambo wa ku Turkey uja amene anapata mendulo ya siliva pa Olympics ya ku Paris mu 2024 akuwombera dzanja lina lili m'thumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wawo uli pa masewero owombera chandamale. Funso lawo ndi lakuti: "Ndigule pistol yanji, ndipo ndiyambire pati kuno ku Lilongwe?"

Zikomo polemba, achemwali. Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani: mfuti musagule kaye.

Kuno kwathu kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la Firearms Act, ndipo oyang'anira zilolezo ndi apolisi. Likulu lawo lili pompano ku Area 30. Pitani nokha, mukafotokoze kuti cholinga chanu ndi masewero, mukafunse zofunika pa mtundu uliwonse wa mfuti, ngakhale ya mpweya. Wina akadzakunong'onezani kuti ali nayo yotchipa yochokera ku Joni, za mapepala mudzaona m'tsogolo, muthaweni. Lemberaninso a Malawi National Council of Sports ndi a Malawi Olympic Committee, mufunse za magulu ovomerezeka ndi aphunzitsi. Musadziderere chifukwa ndinu Mmalawi. Areneo David anatiimira pa masewero a uta ndi mivi ku Rio mu 2016 ndi ku Tokyo, ndipo nawonso ndi masewero a diso ndi kudekha.

Masewero a pistol ali ndi mabanja awiri akuluakulu. Lina ndi la IPSC, bungwe limene linayamba mu 1976 ku Columbia, m'chigawo cha Missouri ku America, Jeff Cooper ali mtsogoleri wake woyamba. Kumeneko munthu amathamanga, kusolola mfuti m'chiuno, kuwombera chandamale chino ndi chija nthawi ikuwerengedwa. Amasangalatsa kuonera, koma amadya zipolopolo zambiri, ndipo si poyambira pabwino kwa munthu amene chala chake sichinaphunzire mwambo. Banja linalo ndi la ISSF, bungwe loyang'anira masewero owombera a ku Olympics, ndipo ndiko ndikufuna muyang'ane, makamaka pistol ya mpweya ya mamita 10, imene a Dikeç ankawombera.

Mfuti imeneyi ilibe wonga. Imakankha ndi mpweya kachipolopolo ka mtovu ka mamilimita 4.5, siphulika mogonthetsa m'khutu, sikankha dzanja. Mumaima chilili, kuigwira ndi dzanja limodzi lotambasula. Choncho dzanja la m'thumba lija si matama ayi: lamulo sililola kuti lithandize, ndiye ambiri amalisunga m'thumba kapena pa lamba kuti lisagwedeze thupi. Pa mpikisano mumawombera ka 60 m'mphindi 75. Pakati pa chandamale, pamene pali mapointi 10, ndi potambalala mamilimita 11.5 basi, ngati batani la malaya. Taganizani batani limenelo litakhomedwa pa khoma, inu mutaima masitepe khumi ndi atatu kuchokera pamenepo. A Dikeç anali ndi zaka 51, ndipo Paris inali Olympics yawo yachisanu. Kudekha kumene munaona kunamangidwa zaka zambiri.

Ine ndinaphunzira masewerowa pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo tsiku lachitatu pa bwalo sindidzaliiwala. Ndinatembenuka kuti ndifunse funso mfuti ili m'manja, pakamwa pake n'kuloza miyendo ya mnzanga. Inalibe kanthu mkati. Mkulu woyang'anira bwalo, bambo wa imvi, anaimitsa aliyense, anandilanda mfutiyo modekha, n'kundikhazika pa benchi mpaka madzulo. Sanakalipe. Anangondionetsa kachingwe kowala kamene amakalowetsa mu mpope wonse wa mfuti kuti aliyense aone ndi maso kuti mulibe chipolopolo, n'kundiuza kuti mawu akuti "ndimayesa ilibe kanthu" amamveka pa maliro. Kuyambira pamenepo mfuti iliyonse ndimaitenga ngati yodzaza, sindiilozetsa pa chinthu chimene sindikufuna kuwononga, chala sichikhudza trigger (kachitsulo kamene umakoka kuti mfuti ilire) mpaka nditaloza chandamale, ndipo ndimayamba ndadziwa chimene chili kuseri kwa chandamalecho. Mphunzitsi amene sakuyamba ndi zimenezi, musabwererenso kwa iye.

Tsono luso lenileni lili pawiri, ndipo ponse pawiri pamatsutsana ndi nzeru zathu za legeni. Mwana wolasa mbalame amayang'ana mbalameyo. Pa pistol diso limakhala pa kansonga ka kutsogolo kwa mfuti, kataima bwino pakati pa kampata ka kumbuyo, chandamale chikuoneka mwa chimbuuzi. Poyamba mtima umakana, umafuna kuona kumene chipolopolo chikupita. Koma kansongako kakapendekeka pang'ono chabe, pa mamita 10 cholakwacho chimakula kwambiri, pamene kugwedera kwa mkono wonse kumasuntha chipolopolo pang'ono.

Chachiwiri ndi chala. Malamulo amati trigger isalire ndi mphamvu yochepera magalamu 500, kulemera kwa theka la paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Dzanja la munthu aliyense limagwedera, ngakhale la katswiri. Woyamba kumene amadikira kuti kansonga kafike pakati, kenako amakoka mwadzidzidzi kuti apezerere, ndipo chipolopolo chimathawira pansi chakumanzere ngati ali wa dzanja lamanja. Vomerezani kugwederako, muziwonjezera mphamvu ya chala pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire yokha, ndipo ikalira musatsitse mkono msanga. Mukaona kuti mwakhalitsa, mpweya ukukutherani, tsitsani, pumani, muyambirenso. Kutsitsa mkono osawombera si manyazi.

Zina mutha kuyamba lero m'nyumba mwanu popanda mfuti. Dzazani madzi m'botolo la lita imodzi, limene kulemera kwake kukufanana ndi pistol ya mpweya. Jambulani kadontho pa khoma, imani chammbali, miyendo motalikirana ngati mapewa, tambasulani mkono mulozetse chivindikiro pa kadonthoko kwa masekondi 20, pumulani, mubwereze kakhumi. Muzichita manja onse kuti msana usapendekeke. Dziwaninso diso lanu lotsogolera: lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani limodzilimodzi. Diso limene likatsala lotsegula chala sichisuntha ndilo lanu lotsogolera.

Tsiku limene mudzaime pa bwalo lovomerezeka, mudzabwereke mfuti ya pomwepo ngati alola, mudzavale magalasi oteteza maso, ndipo mukamaliza mudzasambe m'manja ndi sopo musanadye, chifukwa mtovu ndi poizoni. Mapointi musawawerenge miyezi yoyamba. Muzisunga mapepala a chandamale, kulemba deti pa lililonse, n'kumaona ngati mabowo akuyandikirana. Akaunjikana malo amodzi, ngakhale kumbali, mphunzitsi amangopotokola kasikuluwu ka toloza ta mfuti, mulu wonsewo n'kusamukira pakati.

Mukabwerako ku Area 30, mundilemberenso zimene akuuzani, ndipo pamenepo tidzakambirane za mtundu wa pistol.